Mutu 6: Changu Akhala pa Mpando wa Abwana

1. Tebulo la pakhomo

Dzina loti Changu silinachokere kwa makolo ake. Anamupatsa ndi amisiri a kuseri, ataona momwe zala zake zinkathamangira pa kompyuta. Iye analilandira ndi manja awiri, poti mtsikana wongomaliza kumene sukulu amakondwa ndi chilichonse chomveka ngati chiyamikiro.

Kampaniyo inali yokonza mafiriji akuluakulu, aja a m'mabutchala ndi m'malo osungira mkaka. Likulu lake linali kutali. Kuno inali nthambi chabe: tebulo la pakhomo polandirira alendo, ofesi ya abwana, ndi shedi ya amisiri kuseri kwake.

Changu anamulemba ntchito kwa miyezi itatu yoyesedwa. Chomwe ankadikira usana ndi usiku chinali kalata yomukhazikitsa pa ntchito. Kalatayo inali italembedwa kale, koma inkagona mu dirowa ya abwana yosasainidwa.

Pa tebulo la pakhomo ankakhala awiri, iye ndi Mayi Halo. Mayiwa anali atayankha mafoni pa kampaniyo zaka makumi awiri ndi ziwiri, mpaka dzina lawo lenileni anthu analiiwala. Foni yawo inali yaikulu, ya mabatani mizere inayi. Aliyense woimba kuchokera kunja ankayamba wafikira kwa iwo, kenako iwo n'kumulumikiza ku foni ya abwana kapena ya ku shedi.

Ndi iwo anamuphunzitsa Changu ntchito. Anamuuza kuti foni isamalire kupitirira katatu, kuti dzina la woimba ndi nthawi yake azilemba m'buku, ndiponso kuti munthu sayankha foni ali ndi chakudya m'kamwa. Tsiku lina mvula itamunyowetsa, anamubwereka juzi yawo osamufunsa chifukwa chomwe analibe ambulera.

Koma kompyuta ankaiopa. Ankalembapo ndi chala chimodzi, lilime lili panja, ndipo amisiri ankati pofika pomaliza mzere umodzi khanda likhoza kuyamba kukwawa. Iwo ankaseka nawo. Anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apume pa ntchito, ndipo kunyumba ankalera zidzukulu zitatu za mwana wawo amene anamwalira.

2. Msonkhano wa Lachiwiri

Lachiwiri lililonse, kuyambira naini koloko mpaka masana, mabwana a nthambi zonse ankachita msonkhano wa pa vidiyo. Aliyense ankakhala m'ofesi mwake, nkhope yake n'kumaoneka pa kompyuta m'kabokosi kakang'ono. Mkulu wa kulikulu ndi amene ankatsogolera, ndipo anali mayi wosakonda kubwereza funso.

Abwana a Changu msonkhanowo unkawanyansa. Ankamanga nyumba kunja kwa tawuni, ndipo mtima wawo wonse unali pa simenti yomwe ankaiganizira kuti omanga akuwabera. Posakhalitsa anatulukira chinthu chomwe chinawasangalatsa: ukazimitsa kamera, m'kabokosi mwako mumangotsala dzina. Ukatsekanso maiki, palibe angadziwe ngati pa mpandopo pali munthu kapena jekete.

Lachiwiri lina m'mawa anamuitana Changu, n'kumuuza kuti atseke chitseko.

"Iwe ndiwe mwana wanzeru, makinawa umawadziwa," anatero abwana. "Ukhale pa mpando wangawu. Chitseko ukiye. Kamera osayatsa, maiki osatsegula. Foni ya patebuloyi ikalira osanyamula, munthu ali pa msonkhano sayankha foni. Akanditchula dzina, ulembe m'bokosi la mauthenga kuti netiweki ikuvuta koma ndikumva. Kenako undiimbire pa foni yanga ya m'manja, ndikuuze cholemba."

Changu anafunsa mwaulemu ngati zimenezo n'zololedwa. Abwana anaseka, n'kugogoda dirowa ndi chala. Anati munthu wofuna kukhazikika pa ntchito amayenera kuonetsa kuti ndi wodalirika, ndipo iwo akufuna kuona ngati sanalakwitse pomulemba. Atatero anatulukira khomo la kuseri.

Tisanamizane, tsiku loyambalo linamukomera Changu. Mpando unali wofewa, wozungulira. Anamva akuluakulu akukambirana zinthu zomwe anthu a pa tebulo la pakhomo sazimva, ndipo anadziona ngati wakula. Dzina la abwana linatchulidwa kamodzi kokha, iye n'kulemba za netiweki zija, msonkhano n'kupitirira.

Masana abwana anabwera nsapato zili fumbi lokhalokha, atamugulira botolo la chakumwa chozizira. Umu ndi momwe anamugulira mtsikanayo, ndipo Lachiwiri lotsatira sanavutikenso n'kumupempha.

3. Mawu a Mayi Halo

Patatha masabata atatu, Mayi Halo anamuyankhula. Inali nthawi ya nkhomaliro, amisiri atatuluka, mafoni ali zii. Anayamba apukuta foni yawo ndi kansalu, batani lililonse palokha, kenako anamuyang'ana.

"Mwana wanga, ine sindinakufunse komwe umasowera Lachiwiri lililonse, ndipo lero sindikufunsa. Umati ukukonza makina a msonkhano. Chabwino. Koma makutu angawa ndi amene andidyetsa zaka zonsezi, ndipo galimoto la abwana likamatuluka kuseri ndimalimva.

"Ntchito yathu ino ndi ya mawu. Munthu woimba foni sakuona nkhope, amangokhulupirira zomwe wamuuza. Ukati abwana alipo, iye amadikira. Ukati atuluka, amakafuna thandizo kwina. Ukamunamiza, wamumanga miyendo munthu amene akanatha kudzithandiza. Makina anu atsopanowa ndi chimodzimodzi. Dzina likamaoneka pa kompyuta paja likunena kuti mwini wake alipo. Ngati palibe, ndiye kuti wina akunama, ndipo wonamayo ndi amene wakhala pa mpando.

"Kale pano panali kalaliki wina, munthu waulemu, wovala bwino. Abwana a nthawi imeneyo ankamutuma kuti aziwasainira mapepala iwo akachoka. Iye ankayenda mapewa m'mwamba, ati abwana amandikhulupirira. Tsiku lomwe pepala lina linabweretsa mlandu, abwanawo anayang'ana siginecha n'kunena kuti dzanja ili si langa. Ndipo sananame, dzanjalo silinali lawo. Kalaliki uja ndinamuperekeza ndine mpaka pa geti, atanyamula katundu wake m'katoni.

"Wamkulu akakutuma bodza, usaganize kuti wakukonda. Wangoona kuti pa anthu onse amene ali nawo, wosavuta kutaya ndiwe. Kalata ukuifunayo ibwera ndi ntchito yako, poti ntchito umaitha. Ikabwera ndi njira inayi, udzailipira mpaka udzatope. Ndikudziwa kuti mawu a akulu akoma akagonera, koma ine ndikanakonda awa akukomere lero lomwe."

Changu anaweramitsa mutu n'kunena kuti wamva. Kumva anamvadi, koma ankaona kuti mayiwo akuyankhula za dziko lakale, la mapepala ndi masiginecha. Iye sankasaina kanthu. Ankangokhala pa mpando n'kulemba mawu anayi, ndipo sankaona munthu amene mawu anayiwo angamupweteke.

4. Tsiku la mkaka

Lachiwiri la sabata yachisanu, msonkhano utangoyamba, foni ya patebulo la abwana inalira. Changu anaiyang'ana mpaka inasiya. Sipanapite mphindi ziwiri, inaliranso. Inalira, n'kusiya, n'kuliranso, mpaka kasanu ndi kamodzi.

Kenako kunamveka kugogoda pa chitseko. Anali Mayi Halo. Anayankhula mokweza, ngati akuyankhula ndi abwana, kuti bambo osunga mkaka ali pa foni, chipinda chawo chozizira chazima kuyambira m'bandakucha, ndipo amisiri sangatulutse galimoto popanda siginecha ya abwana. Lamulo la kampani linali lomwelo, ndipo aliyense ankalidziwa.

Mayi Halo anadikira pang'ono, kenako anatsitsa mawu.

"Changu, ngati uli m'menemo, aimbire. Ine ndayesa foni yawo ya m'manja, akaona nambala yanga sakunyamula. Mkaka wa munthu ukuwonongeka."

Changu sanatsegule. Anadikira mpaka mapazi a mayiwo atamveka akubwerera, ndiye n'kuwaimbira abwana monong'ona. Abwana anamukalipira kuti anamuuza kuti aziimba akatchulidwa dzina basi. Anati wa mkakayo adikire, akubwera pompano, n'kudula foni.

Pompano wawoyo anakwana wani koloko. Amisiri anafika kwa bambo a mkaka dzuwa litapendeka, n'kupeza mkaka wonse wa masiku awiri utasasa. Anathandiza kuutaya m'ngalande, ndipo pobwera zovala zawo zinkanunkha.

Madzulo bambo a mkakawo anabwera okha ku ofesi. Abwana anali atadzikiyira m'kati, ati ali pa foni ndi kulikulu. Choncho mkwiyo wonse unathera pa munthu amene anali pakhomo. Bambowo anawaloza chala Mayi Halo, anawatchula nkhalamba yogontha, n'kuwauza kuti ana awo agona ndi njala chifukwa cha iwo.

Mayi Halo anaimirira manja ali pamodzi, n'kupepesa mlandu womwe sunali wawo. Changu anali pambali pawo, maso ali pa kompyuta, akulemba zinthu zopanda mutu kuti aoneke wotanganidwa. Bambowo potuluka analumbira kuti pangano lawo ndi kampaniyo latha, ndipo alembera kalata kulikulu.

Atapita, Mayi Halo anakhala pansi n'kumwa madzi.

5. Funso la Mkulu wa kulikulu

Munthu wina akanachita mantha n'kusiya. Koma sabata yotsatirayo nyumba ya abwana inali pokhoma malata, ndipo iwo anati kulikulu kalata imatenga mwezi asanaiwerenge. Lachiwiri m'mawa anamuponyera Changu makiyi ngati palibe chinachitika. Iye anawawakha.

Teni koloko itangopitirira, Mkulu wa kulikulu anaimitsa nkhani zina zonse. Ananyamula pepala n'kuliwerenga pang'onopang'ono. Inali kalata ya bambo a mkaka. Munali nthawi yomwe anayamba kuimba, kuchuluka kwa mkaka womwe unatayika, ndi zaka khumi zomwe anakhala akudalira kampaniyo.

Atamaliza anatchula dzina la abwana a Changu, n'kuwauza kuti ayatse kamera.

Changu anasendera pafupi ndi kompyuta. Analemba mawu ake aja a masiku onse, akuti netiweki ikuvuta koma ndikumva.

"Netiweki yanuyo imadwala Lachiwiri lokhalokha," anatero Mkuluyo osamwetulira. "Chabwino, ngati simungayankhule, lembani. Funso langa ndi limodzi. Foni ya kasitomala ameneyu inafika pa tebulo lanu kapena sinafike? Tonse tikudikira."

Changu ananyamula foni ya patebulo n'kuwaimbira abwana. Kumbuyo kwawo kunkamveka nyundo zikugunda malata. Anawafotokozera mofulumira. Abwana atayankhula, mawu awo anali ozizira.

"Lemba kuti foni sinafike kwa ine. Wa pa foni sanandilumikize, ndipo sanandiuze kanthu mpaka masana."

"Koma bwana, amayi aja analumikiza kasanu ndi kamodzi. Anagogodanso pa chitseko."

"Anagogoda, ndiye anatsegula ndani? Ukanena kuti foni inalira, akufunsa amene sananyamule. M'ofesimo munali iwe, osati ine. Ine ndagwira pano zaka khumi ndi zisanu, iwe ulibe ngakhale kalata. Ukuganiza kuti amva za ndani? Amayi ajawo sangawachite kanthu, angowadzudzula basi, atsala pang'ono kupuma. Lemba, anthu akudikira."

Batani la kamera linali pomwepo, pansi pa sikirini. Kulidina kamodzi kokha, anthu onse aja akanaona mtsikana wa pa tebulo la pakhomo atakhala pa mpando wa abwana, foni ili kukhutu, ndipo nkhani ikanathera pomwepo popanda iye kutsegula pakamwa. Changu anasuntha dzanja mpaka kufika pa batanilo. Analiyang'ana, n'kuyang'ananso dirowa ija.

Mkulu wa kulikulu anafunsa ngati netiweki yameza ndi zala zomwe. Ena anaseka.

Changu anachotsa dzanja pa batani, n'kulemba. Zala zomwe amisiri ankazitamanda zija sizinalakwitse chilembo ngakhale chimodzi. Uthengawo unatuluka pansi pa dzina la abwana, ndipo Mkuluyo anauwerenga mokweza kuti aliyense amve: foni sinafike kwa ine, wa pa foni sanandilumikize.

Bwana wa nthambi ina anatsegula maiki n'kunena kuti vuto la kusunga antchito okalamba ndi limenelo, makutu amatha koma mpando safuna kuusiya. Mkuluyo anamudula, n'kunena kuti nkhaniyo aipereka kwa oona za antchito lero lomwe. Kenako anapitirira ku nkhani ya matayala a magalimoto.

Changu anabwezera foni pamalo pake. Kunja kwa chitseko ankamva mawu a Mayi Halo akuyankha kasitomala wina mwaulemu, akumufunsa dzina kuti alembe m'buku. Anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire, koma manyazi safufuta uthenga womwe watumizidwa kale.

6. Kalata ziwiri

Zoti angowadzudzula zija linali bodza, ndipo mwina abwana ankadziwa. Lachitatu m'mawa kunabwera kalata pa imelo. Poti wodziwa makina anali Changu, amene anaisindikiza n'kuiika mu envulopu anali iye yemwe.

Kalatayo inkati Mayi Halo ayambe aima pa ntchito kuyambira tsiku lomwelo, chifukwa cha kunyozera ntchito komwe kwataitsa kampani kasitomala wamkulu. Umboni wake unali uthenga womwe abwana analemba pa msonkhano wa dzulo lake, ati netiweki itavuta. Mlandu wawo udzamvedwa Lachisanu pa vidiyo. Akapezeka olakwa adzachotsedwa, ndipo za zaka makumi awiri ndi ziwiri zija kalatayo sinatchule kanthu.

Abwana anaipereka okha, nkhope ili yachisoni ngati ali pa maliro. Anati iwo ayesetsa kuwaikira kumbuyo koma kulikulu ndi kouma mtima. Mayi Halo anawerenga kalatayo ataimirira, kawiri konse, n'kuipinda bwinobwino. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma apa anadya ndi awiri, mwana ndi bwana wake, ndipo wopotedwayo sanalaweko n'komwe.

Amisiri atamva anasonkhana pakhomo la shedi akung'ung'udza. Onse ankadziwa kuti Lachiwiri galimoto la abwana silikhala pamalo pake. Koma aliyense anali ndi ana ake, ndipo abwana atangosuzumira, gulu lonse linabalalika kukafuna masipanala.

Kenako abwana anamuitanira Changu m'ofesi. Anatsegula dirowa, n'kutulutsa kalata yake ija kuti aione ndi maso. Dzina lake linali pamwamba, lolembedwa bwino. Anamuuza kuti kuyambira lero foni yaikulu ndi yake, ndipo Lachisanu nkhaniyi ikatha bwino adzasaina. Wina akadzamufunsa, adzanene kuti tsiku la mkaka anali ku sitolo kuwerenga zipangizo, sanaone kanthu ndipo sanamve kanthu. Atatero anabwezera kalatayo mu dirowa n'kukiya.

Changu atabwerera pa tebulo la pakhomo anapeza Mayi Halo akulongedza. Katundu wa zaka zonsezo sanadzaze n'chikwama chomwe: kapu, kapilo ka pa mpando, mankhwala a mutu, ndi chithunzi cha zidzukulu zitatu zitavala yunifolomu. Buku la mafoni analisiya, poti linali la kampani.

Changu anaima chapatali, akusowa poika manja. Anayamba kunena kuti pepani ndi zomwe zachitika, koma mayiwo anakweza dzanja.

"Bwera kuno, ndikuonetse chinthu chimodzi chomwe sindinakuphunzitse, poti foni ino tsopano ndi yako," anatero. "Ukuona kanyali aka pambali pa batani la abwana? Munthu akanyamula foni ya m'ofesi mwawo, kamayaka. Ndipo pa galasi apa pamaoneka nambala yomwe akuimba. Dzulo teni koloko itapitirira kanayaka. Nambala yomwe inaoneka inali ya foni ya m'manja ya abwana. Mwana wanga, munthu sadziimbira yekha foni."

Changu anayang'ana kanyaliko. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Sindikufunsa kuti analemba mawu aja ndani," anapitiriza Mayi Halo. "Ndikudziwa amene anawanena, ndipo ndikudziwa zala zomwe zinawalemba. Abwana sandidabwitsa, anthu otero ndawaona ambiri, amabwera n'kupita. Chondiwawa ndi iwe. Ndinakubwereka juzi yanga, ndinakuphunzitsa ntchito yomwe ndimadyera, osabisako kanthu. Sindinkadziwa kuti ndikunola mpeni wodzandicheka ndekha."

Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa Changu. Mayi Halo anaiona koma sanamutonthoze. Anatseka chikwama chawo, n'kuchikoleka paphewa.

Anamuuza kuti m'mawa womwewo, kalata itangofika, anaimbira mayi woona za antchito kulikulu. Anawafotokozera kuti mafoni onse asanu ndi limodzi analembedwa m'buku, nthawi yake ndi dzina la woimba. Koma mayi wa kulikuluyo anayankha kuti buku lolemba pamanja aliyense akhoza kulidzaza madzulo, ndipo mawu a bwana wa nthambi sangagwe ndi buku lokha. Chomwe chingawapulumutse ndi mboni, munthu amene anamva foniyo ikulira m'ofesi mwa abwana.

"Ndiye anandifunsa ngati mboni yoteroyo ndili nayo," anatero Mayi Halo. "Ndatchula iwe. Palibenso wina, ndipo iwe ukudziwa chifukwa chake."

"Amayi, abwana anena kuti ndikanene kuti ndinali ku sitolo."

"Ndikudziwa kuti akuuza chonena. Ine sindikuuza chonena, ndatopa n'kukuuza. Koma Lachisanu kulibe za netiweki. Anena kuti aliyense ayatse kamera, ndipo ine ndi iwe tidzakhala pa kompyuta imodzi, mipando yoyandikana, poti ine makinawa sindiwatha. Udzandiyatsira ndiwe. Ngati ukanene bodza, mwana wanga, udzalinene ndikukuyang'ana."

Anakankha chitseko n'kutuluka. Changu anawaona kudzera pa windo akuwoloka msewu pang'onopang'ono, chikwama chili paphewa, pa nthawi yomwe anthu a ntchito sakhala ali pa msewu. Sanacheuke.